Kamera Inkaona Thupi, Osaona Cholinga: Lipoti la Gemu ya Goloboyi Yomwe Sitinaitulutse

Ndine wolemba mapulogalamu a magemu, ndipo gawo langa kwa zaka zambiri lakhala limodzi: zimene zimachitika kuyambira pamene wosewera wagwedeza chala mpaka pamene chinthu chasuntha pa sikirini. Lipoti ili ndi la ntchito yomwe ndinagwira m'gulu la anthu asanu ndi mmodzi, pa nthawi imene makamera otsata thupi anali pakamwa pa aliyense. Kampani ina inatipatsa ntchito yopanga gemu ya goloboyi. Wosewera aimirire kutsogolo kwa TV chimanjamanja, mipira izibwera, iye aziigwira kapena kuikankhira kunja ndi manja ake enieni. Gemuyo sinafike pamsika.

Ndikulemba chifukwa mpaka lero ndimamva anthu akunena kuti zipangizozi zinagwa popeza ukadaulo wake unali usanakhwime. Zimene ndinaona m'chipinda chathu choyesera sizigwirizana ndi mawu amenewo. Kamera inkaona bwino ndithu. Chimene chinatigonjetsa ndi kanthu kakang'ono komwe tinakachotsa m'manja mwa wosewera monyadira, komwe ndi batani.

Kumene lonjezoli linachokera

Maloto oti munthu asewere ndi thupi lonse ndi akale. Mu 1989 kampani ya Mattel inatulutsa Power Glove ya NES, makina a magemu a Nintendo. Inali gulovu yotumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu ku timasensa titatu toikidwa pa TV, kuti makina adziwe pomwe pali dzanja. Magemu opangidwira gulovuyo mwachindunji anali awiri okha, ndipo sinakhalitse. Mu 1993 Sega inabwera ndi Activator, mphete ya mbali zisanu ndi zitatu yoyala pansi, yoponya kudenga kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Munthu ankaima pakati, akadutsitsa dzanja kapena mwendo pamwamba pa mbali ina, makina ankawerenga ngati wadina batani. Mu 2003 Sony inatulutsa EyeToy ya PlayStation 2, kamera wamba yongoona pomwe chithunzi chasintha, ndipo inkayenda bwino pa timagemu tafupitafupi monga kupukuta mawindo ndi manja.

Kenako mu 2006 kunabwera Wii ya Nintendo, yomwe inagulidwa makina oposa 101 miliyoni. Pano ndiima pang'ono, chifukwa anthu ambiri, ine ndemwe pa nthawiyo, tinatengapo phunziro lolakwika. Tinkati Wii yapambana chifukwa yamasula anthu ku mabatani. Sizinali choncho. Kontrola yake, Wii Remote, inali ndi kasensa kotchedwa accelerometer komva kugwedezeka, inali ndi kakamera ka infrared kunsonga koyang'ana timagetsi ta pa kandodo koikidwa pa TV, koma inalinso ndi mabatani, kamota konjenjemeretsa dzanja ndi kasipika kakang'ono. Taganizirani bowling ya mu Wii Sports, gemu yogubuduza mpira kuti ugwetse timitengo toimikidwa. Umadina batani la B ndi chala chamkombaphala, n'kukhala chidinire, kuponya mkono kumbuyo, kuubweza kutsogolo, ndiyeno n'kusiya batanilo kuti mpira uchoke. Mkono ukupereka mphamvu ndi kapotozedwe, koma mawu oti "tsopano" akunenedwa ndi chala. Makina safunika kulota kuti munthu wayamba liti, wasiya liti. Nzeru yonse ya gemu ija ili pamenepo, ndipo ife tinaiona tsiku ndi tsiku osaizindikira.

Kinect ya Microsoft ndi yomwe inapita nalo kutali lonjezolo. Inaonetsedwa koyamba mu June 2009 ndi dzina loti Project Natal, n'kutuluka mu November 2010 pa Xbox 360, ndipo uthenga wake unali woti kontrola ndiwe mwini. Mkati mwake munali luso la kampani ya PrimeSense ya ku Israel: kachipangizo komwaza timadontho tambirimbiri ta infrared m'chipinda chonse, ndi kamera yoona mmene timadonthoto tapotokera pa zinthu, n'kuwerengera mtunda wa chilichonse. Pamwamba pa zimenezo panali pulogalamu yochokera kwa ofufuza a Microsoft ku Cambridge, yomwe inkazindikira ziwalo za munthu pa chithunzi chimodzi chokha n'kujambula kamunthu ka timizere ka mfundo 20: mutu, mapewa, zigongono, manja, chiuno, mawondo, akakolo. Zonsezi zinkachitika ka 30 pa sekondi. M'masiku 60 oyambirira zinagulidwa 8 miliyoni, mpaka kulowa m'buku la Guinness. Ndimakumbukira tsiku loyamba kuona kamunthu kanga ka timizere kakukweza mkono pamodzi ndi ine. Tsitsi linandiimirira, ndipo mpaka pano ndimati inali ntchito yodabwitsa ya akatswiri.

Gemu yathu inabadwira mu chisangalalo chimenecho. Tinagwiritsa ntchito kamera yoyeza mtunda, yotipatsa kamunthu ka timizere ka 30 pa sekondi. M'milungu itatu tinali ndi chitsanzo choyamba, ndipo aliyense amene analowa mu ofesi n'kusewera mphindi ziwiri ankatuluka akumwetulira. Mphindi ziwirizo n'zimene zinatipusitsa.

Zimene tinapeza titaitana anthu akunja

Chodandaula choyamba chinali chimodzi pakamwa pa pafupifupi aliyense: "Ndinaugwira uja!" Ankanena mokwiya, akuloza sikirini. Titaonera mavidiyo omwe tinkajambula, tinapeza kuti ankanena zoona. Dzanja lenileni linkafika pamalo pake nthawi yabwino, koma gulovu ya pa sikirini inkafika mpira utalowa kale.

Masamu ake ndi awa. Kamera yojambula ka 30 pa sekondi imapereka chithunzi chimodzi pa mamilisekondi 33 alionse (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1000). Chithunzicho chiyenera kusandulizidwa kukhala kamunthu ka timizere. Kamunthuko kamanjenjemera ngakhale munthu ataima chilili, motero pamafunika kukasalaza poyerekeza zithunzi zingapo zotsatizana, ndipo kungodikira zithunzi zitatu ndiye kuti mamilisekondi 100 apita. Kenako gemu ijambule, kenako TV nayo iwonjezere kuchedwa kwake, makamaka ngati mwini wake sanaitchere pa game mode, katcheredwe kochepetsa kuchedwako. Tsono mpira wa penate umayenda mamita 11 okha, ndipo womenyedwa mwamphamvu umafika theka la sekondi lisanathe. Nthawi yomwe goloboyi amayenera kuganiza, ife tinali titaidya kale mu mawaya. Ndikachepetsa kusalaza kuja, magulovu ankanthunthumira ngati a munthu wamalungo. Ndikakuwonjezera, ankayenda mwaulemu koma mochedwa. Ndinakhala milungu iwiri ndikusuntha nambala imodzi uku ndi uku, ndipo panalibe pomwe zonse ziwiri zinakhala bwino.

Palinso kuchedwa kwina komwe palibe injiniya angakuchotse. Chala chimayenda mamilimita awiri kapena atatu kuti batani lidinike. Mkono umayenda theka la mita. Ndipo kuti pulogalamu idziwe kuti uku ndi kudumphira kumanzere, osati kungosuntha phazi, iyenera kudikira kuti kuyendako kufike penapake. Imazindikira zomwe wachita utazichita kale.

Chipinda nachonso chinatipatsa mavuto ake, ngakhale amenewa tinkawayembekezera. Pankafunika malo opanda kanthu pafupifupi mamita awiri kuchoka pa kamera, ndipo goloboyi amafunanso malo m'mbali. Titanyamula zipangizo kukayesera m'nyumba za anthu odzipereka, tinapeza tebulo pakati pa balaza, sofa yomwe kamera inkaisokoneza ndi miyendo ya munthu, dzuwa lolowa pawindo lomwe infrared yake inkafufuta timadontho tathu, siketi yaitali yomwe inkabisa mawondo. Wosewera akatembenukira chammbali, mkono umodzi unkabisika kuseri kwa thupi ndipo pulogalamu inkangoganizira pomwe uli, nthawi zina n'kuuponya kumsana. Zonsezi kamera yabwinopo ikhoza kuzichepetsa, ndipo makamera obwera pambuyo pake anazichepetsadi. Sindikhalitsapo.

Vuto lomwe linandisowetsa tulo ndi lina. Kontrola ikakhala m'manja, ukhoza kuyetsemula, kukanda mphuno, kutembenuka kuyankha wina amene wakuitana, gemu osadziwa kanthu. Ukafuna kuti imve, umadina. Kamera ilibe mpata woterowo. Chilichonse chomwe thupi lachita, kwa iyo ndi lamulo. Bambo wina anakweza dzanja kupukuta thukuta pamphumi, gemu n'kuganiza kuti wasankha kuyambiranso, zigoli zake zonse n'kufufutika. Anangoti, "Inetu sindinakhudze kanthu." Ndipo sanakhudzedi, chifukwa panalibe choti akhudze. Mwana akadutsa kumbuyo, magulovu ankasamukira kwa iye.

Njira yomwe ambiri ankagwiritsa ntchito posankha zinthu pa sikirini inali yoti munthu aimike dzanja m'malere pa chinthu chomwe akufuna, kamphete kadzaze pang'onopang'ono, kakadzaza ndiye kuti wasankha. Tinaitengera. Nthawi yodikirayo tikaifupikitsa, anthu ankasankha zinthu mwangozi dzanja likungodutsa. Tikaitalikitsa, kusintha mtundu wa yunifolomu yokha kunkatenga nthawi yomwe pa kontrola ukanakhala utayamba kale kusewera, mkono utalema. Mayi wina atamaliza kusankha timu, bwalo ndi msinkhu wa adani, anatsitsa mkono, n'kuupukusa paphewa, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani, kodi palibe rimoti?"

Chinanso n'chakuti mpira ukagwidwa, m'manja simunkamveka kanthu. Goloboyi weniweni amadziwa kuti wagwira chifukwa zikhato zawawa. Wathuyu ankawomba m'manja mumpweya n'kuyang'ana sikirini kuti imuuze ngati zatheka. Tinaika phokoso lamphamvu, tinagwedeza chithunzi, tinawalitsa magulovu, koma maso ndi makutu sizinalowe m'malo mwa khungu.

Mankhwala omwe anapha gemu

Kampani yotilemba ntchito itaona madandaulo a "ndinaugwira uja", inatiuza kuti tifewetse. Ndinachita zomwe opanga magemu ambiri oterewa ankachita, ndipo ndikuzifotokoza mosabisa chifukwa ndi pamene ntchito inafera. Ndinakulitsa malo osaoneka ozungulira gulovu iliyonse kuti mpira wodutsa chapafupi uwerengedwe kuti wagwidwa. Ndinachedwetsa mpira mwakabisira ukatsala pang'ono kufika. Ndinalemba kachidutswa koti dzanja likangoyamba kulowera mbali yoyenera, gulovu ikokeredwe kumpira yokha.

Madandaulo anatha. Anthu ankagwira mipira, ankaseka, mafomu ankabwera ndi mayankho abwino. Ndiye tsiku lina tinaitana mnyamata wa zaka pafupifupi khumi ndi ziwiri. Anasewera mosamala kanthawi, kenako ndinamuona akuima, akupendeketsa mutu. Anayamba kungopukusa mikono yonse iwiri ngati akuthamangitsa njuchi, maso ali kumbali, osayang'ana n'komwe sikirini. Mipira yambiri inagwidwabe. Anatsitsa mikono n'kunena kuti, "Ikusewera yokha." Sanapemphenso kuyesa kachiwiri.

Mwanayo anali ataona zenizeni. Gemu imakoma chifukwa ukalephera umadziwa kuti walakwa ndiwe, ndipo mawa ukhoza kuchita bwinopo. Tikaumitsa malamulo, wosewera ankalangidwa pa zolakwa za kamera. Tikafewetsa, ankapatsidwa mphoto pa zomwe sanachite. Mbali zonse ziwiri panalibe luso loti munthu aliphunzire, choncho panalibe chomubweza tsiku lachitatu. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake zipangizozi zinkawala kwambiri pa zionetsero ndi pa maphwando, n'kukathera m'kabati. Mphindi ziwiri zoyamba munthu akusangalala ndi kudziona pa sikirini. Ikatha nthawi imeneyo amayamba kufuna gemu.

Kuyesa komwe kunandiyankha

Madzulo ena, popanda kuuza aliyense, ndinatenga mbewa ya kompyuta yopanda waya, n'kuilumikiza ku gemuyo kuti batani lake limodzi litanthauze "gwira", komanso "ndasankha ichi". Ndinachotsa zofewetsa zonse zija. Kamera inatsala ndi ntchito yonena komwe kuli manja, chala n'kutenga ntchito yonena nthawi.

M'mawa mwake anzanga anasewera, ndipo kusiyana kwake sikunafune kufotokozera. Kusankha zinthu kunatenga kanthawi kochepa. Kupukuta thukuta sikunafufutenso kanthu. Chofunika kuposa zonse, popeza kudina kunkafika msanga kuposa chithunzi, ndinatha kusunga nthawi yeniyeni yomwe munthu wadina n'kuweruza mpira potengera nthawi imeneyo. Munthu akaphonya ankati "ndachedwa", osati "yandibera". Mmodzi mwa ojambula athu, yemwe anali atasiya kale kuisewera gemuyo, anakhala nayo mpaka nthawi yopuma masana itatha, akufuna kuposa zigoli zake.

Tinakaonetsa kwa otilemba ntchito. Anavomereza kuti ikukoma kuposa kale, koma anakana. Pa bokosi panayenera kulembedwa kuti palibe chogwira m'manja, ndipo ndi mawu amenewo omwe ankagulitsa malonda. Sindiwaimba mlandu kwambiri, chifukwa msika wonse unkayenda ndi lonjezo lomwelo. Tinabwerera ku gemu yopanda batani, tinalimbana nayo miyezi ina ingapo, kenako ndalama zinaimitsidwa.

Zomwe zinachitikira msika wonse

Zathu zinali zazing'ono, koma zazikulu zinayenda njira yofanana. Pa Kinect, magemu omwe anakondedwa moona ndi ovina, monga Dance Central ya Harmonix, ndipo chifukwa chake n'chomveka: povina, gemu imadziwiratu zomwe uyenera kuchita ndi nthawi yake, choncho imangoyerekeza, ndipo kuchedwa kukhoza kuwerengeredwa pasadakhale. Kuvina kumafunanso thupi lonse mwachibadwa, palibe amene amalakalaka kuvina ndi chala. Koma pomwe pankafunika malamulo ambiri olondola, zinkavuta. Steel Battalion: Heavy Armor ya mu 2012, yomwe inkafuna kuti uzigwira zitsulo za m'kati mwa chigalimoto chankhondo ndi manja m'malere, inadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha kusamva kwake.

Mu November 2013 Xbox One inatuluka pamodzi ndi Kinect yatsopano pa madola 499, pamene PlayStation 4 inali pa madola 399. Kinect yachiwiriyi inali yabwino kwambiri kuposa yoyamba: inkayeza mtunda powerengera nthawi yomwe kuwala kwatenga kupita ndi kubwerera, inkatsata anthu asanu ndi mmodzi, aliyense mfundo 25. Ngati vuto likanakhala maso a kamera, apa zikanatheka. Koma mu June 2014 Microsoft inayamba kugulitsa Xbox One yopanda Kinect pa madola 399, Xbox One S ya mu 2016 inabwera yopanda polowetsera pake, ndipo mu October 2017 Kinect inasiya kupangidwa, zitagulidwa pafupifupi 35 miliyoni zonse pamodzi. Kwa ine umenewu ndi umboni waukulu: kamera inakula nzeru, magemu ake osasintha.

Zomwe zinapulumuka ndi zija zinasunga kanthu m'manja. PlayStation Move ya mu 2010, ndi kampira kake kowala kunsonga, inali ndi mabatani ndi chodina cha chala, ndipo inapezanso ntchito pa PlayStation VR, chipangizo cha magemu chovala kumaso, mu 2016. Gyroscope, sensa yomva kupendekeka, yomwe Nintendo inaiwonjezera pa Wii kudzera mu kachipangizo ka MotionPlus mu 2009, lero ili m'makontrola ambiri, ndipo osewera Splatoon amaigwiritsa ntchito polozera mwa kupendeketsa manja pang'ono chabe, atakhala pansi. Ring Fit Adventure ya mu 2019 inapatsa munthu mphete yolimba yoti afinye, ndipo mpheteyo imakankha kubwezera, manja amamva. Luso la timadontho lija silinafe: Apple inagula PrimeSense mu 2013, ndipo kuyambira pa iPhone X ya mu 2017 njira yofananayo ndi imene imazindikira nkhope ya mwini foni. Kinect yeniyeniyo inakondedwa ndi opanga maloboti, ofufuza ndi othandiza odwala kulimbitsa ziwalo, kuyambira pomwe Héctor Martín analemba pulogalamu yoilumikiza ku kompyuta wamba patangopita masiku ochepa itatuluka. Kumeneko ntchito ya kamera ndi kuyeza, osati kumvera malamulo, ndipo kuyeza inkakutha.

Chidutswa chomwe chinatsala

Mu gemu yathu munali kagawo kamodzi komwe sitinakaganizire kwambiri. Tisanayambe mipira, wosewera ankatenthetsa thupi: kukweza mkono pang'onopang'ono kutsata kadontho, kuutsitsa, kupendekera kumanzere, kumanja. Panalibe kuthamanga, panalibe kusankha, ndipo sikirini inkangoonetsa mzere wa pomwe mkono wafika lero ndi pomwe unafika ulendo wathawu. Tinakaika kuti anthu asadzipweteke.

Mwa anthu onse omwe anabwera kudzayesa, mmodzi yekha ndiye anapempha kubweranso mwa kufuna kwake. Anali gogo wina yemwe anaperekeza mdzukulu wake, ndipo phewa lamanja la gogoyo linali louma kuyambira pomwe anagwa. Mipira sanaifune n'komwe. Anachita kagawo kotenthetsa thupi kaja, n'kuyang'anitsitsa mzerewo, n'kufunsa ngati makinawo adzakumbukire pomwe wafika. Ndinawauza kuti adzakumbukira. Anabwera kanayi. Ulendo womaliza mzere unali utakwera pang'ono, ndipo anaitana mdzukulu uja kuti adzaone.

Ntchito itatsekedwa, ndinapempha chilolezo chosunga kagawo kameneka, ndipo anandilola. Ndakalembanso kuti kaziyenda ndi kamera wamba ya pa laputopu, ndipo dokotala wina wolimbitsa ziwalo akukayesa ndi odwala ake ochepa. Chinthu chimodzi chomwe ndinawonjezera ndi batani lalikulu loikidwa patebulo, loti wodwala adine ndi dzanja linalo akafuna kuyamba, adinenso akafuna kupuma.